Research Methods ndi masemina: mmene mungamangire pulojekiti yanu nthawi isanakuthereni

Inu amene muli chaka chachitatu kapena chomaliza ku Bunda, ku NRC, ku kampasi ya KUHeS pafupi ndi Kamuzu Central, kaya ku mayunivesite oyima pawokha omwe achuluka mu Lilongwe muno, pali kosi imodzi yomwe ambiri amangofuna aikhoze basi ichoke, ndiyo Research Methods. Munthu amaloweza kuti qualitative ndi chani, quantitative ndi chani, mitundu ya sampling ilipo ingati, nkulemba mayeso nkukhoza bwinobwino, koma semesita yotsatira dipatimenti ikangoti bweretsani propozo ali kakasi, poyambira sakupaona. Sikuti mutu wake sugwira ayi, anangophunzira kosiyo alibe funso lakelake mmanja. Nde chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, lowani mkalasi imeneyi muli kale ndi funso lanu olo likhale losapsa, ndipo chilichonse chomwe alekichara aphunzitsa tsiku limenelo muzikachiyesa pa funso lanulo madzulo omwewo. Akaphunzitsa za sampling muzidzifunsa kuti ine anthu anga ndikawasankha bwanji, akaphunzitsa za kweshoneya mulembe mafunso asanu a nkhani yanu. Mukatero pofika mayeso theka la propozo mwalemba kale.

Tiyambe ndi funsolo chifukwa zonse zimachokera pamenepo. Ma topiki ambiri omwe ophunzira amabwera nawo koyamba ndi aakulu moti olo bungwe la galimoto zake khumi silingawamalize, monga zakusintha kwa nyengo ndi ulimi mMalawi, kapena mavuto a uchembere mdziko muno. Zimenezo ndi nkhani zoona komanso zofunika, koma si funso loti wophunzira mmodzi wa ndalama ya upkeep ayankhe mmiyezi inayi. Muyenera kulidula mpakana likwane mmanja, ndipo podula muzifunsa kuti ndani, kuti, liti, ndipo chenicheni chomwe ndikufuna kudziwa ndi chani. Zakusintha kwa nyengo zija zitha kukhala, kodi ndi alimi otani a ku Mitundu EPA (dera la alangizi a zaulimi) omwe anabzala chimanga chocha msanga mu nyengo yathayi, nanga omwe sanabzale chinawaletsa ndi chani, mtengo wa mbewu, kusowa kwake mmashopu, kapena amakonda chamakolo chifukwa chimasungika bwino mnkhokwe komanso chimakonoleka bwino. Mwaona, apa mukudziwa kale kokwera minibasi ndi oti mukalankhule nawo. Wa unamwino naye, bungwe la WHO linanena mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionedwa ku sikelo kasanu ndi katatu ndipo koyamba kakhale mimba isanapitirire masabata 12, nde funso lanu litha kukhala loti amayi a ku Area 25 kapena ku Kawale omwe amayamba sikelo mochedwa amachedwa chifukwa chani. Wa bizinesi atha kufunsa kuti ogulitsa kaunjika ku Tsoka kapena a tomato ku Wakawaka amalola kulipidwa pa Airtel Money ndi Mpamba kapena amakana, ndipo okanawo akuopa chani.

Funso likaoneka labwino liyeseni ndi zinthu zitatu musanalikonde kwambiri: ndalama, nthawi, ndi kupezeka kwa anthu kapena deta yake. Ngati likufuna labu ndi mankhwala oti ayitanitsidwe kunja, kafunseni a labu lero lomwe kuti alipo kapena ayi. Ngati likufuna kuti mubzale mbewu mmunda kumbukirani kuti mvula kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala nkutha cha mu Epulo, siyidikira kalendala ya sukulu. Ngati likufuna mabuku a ndalama a kampani, dziwani kuti makampani ambiri sapereka zimenezo kwa wophunzira. Kenako lembani cholinga chachikulu chimodzi ndi zing'onozing'ono zitatu, zikachuluka zinayi. Apa pali kantchito kamodzi komwe ndimaona kuti kamapulumutsa anthu kuposa china chilichonse: jambulani tebulo, mzere uliwonse cholinga chimodzi, pambali pake mulembe deta yomwe ikufunika, kwa ndani, mukaitenga ndi chida chanji, ndipo mukaisanthula bwanji. Cholinga chomwe mabokosi ake mukulephera kudzaza chichotseni kapena chikonzeni pano, osati mutabwera kale ku filudi.

Za asupavaiza. Anthu amenewa ali ndi makalasi, mamitingi, maulendo, ophunzira ena ambirimbiri, nde musadikire kuti akusakani. Pitani nokha ku ofesi, mwaulemu wake, a Dokotala kapena a Pulofesa kapena madamu monga mmene amatchulidwira pa dipatimentipo, ndipo musapite chimanjamanja nkukati ndilibe topiki mundithandize. Tengani pepala limodzi lomwe mwalembapo vuto lomwe mwaliona, funso, zolinga ndi malo. Munthu savutika kukonza chinthu cholembedwa, koma kukuganizirani kuchokera pa ziro zimatopetsa. Pa kukumana koyamba funsani kuti amakonda muziwatumizira pa imelo kapena muzipulinta, komanso masiku ati omwe amapezeka. Zomwe anena muzilemba pompo, mukatuluka muwatumizire kauthenga kakafupi koti tagwirizana zakutizakuti ndipo ndibweretsa tsiku lakuti, zimenezi zimateteza nonse awiri chifukwa pakapita mwezi palibe amakumbukira bwino. Ndipo chonde mukakanika musasowe. Ambiri akaona kuti zavuta amabisala miyezi iwiri nkudzatulukira sabata ya difensi, pomwe umakateteza ntchito yako pamaso pa panel ya alekichara, pamene akanapita msanga nkunena kuti bwana apa ndakanika zikanatheka kukonza.

Kuwerenga ndi pomwe ambiri amataya bando ndi nthawi, amadawunilodi mapepala 60 osawerenga olo limodzi. Yambani pafupi. Ku layibulale ya sukulu yanu kuli madizeteshoni a omwe anakutsogolani, tengani atatu a mu dipatimenti yanu muone mmene amayalira machaputala, ndipo kumapeto kwake amalemba zomwe zatsala kuti ena adzafufuze, pamenepo pamapezeka ma topiki okonzeka kale. Kenako Google Scholar, African Journals Online, Malawi Medical Journal yomwe ndi yaulere, ndipo funsani alayibulale za Research4Life chifukwa mkati mwake muli AGORA ya zaulimi ndi Hinari ya zaumoyo, masukulu olembetsa amalowa nkuwerenga majenolo omwe panokha simungawagule. Manambala a dziko lino atengeni kwa eni ake a National Statistical Office ku Zomba: kalembera wa 2018 yemwe anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni mdziko muno ndi 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, kafukufuku wa mabanja wa IHS5 wa 2019 mpaka 2020, ndi malipoti a Malawi Demographic and Health Survey. A zaulimi ndi zachuma muli ndi mwayi chifukwa MwAPATA Institute ndi IFPRI ali mu Lilongwe momwemuno ndipo malipoti awo ali pa intaneti, IFPRI imatulutsanso mitengo ya chimanga mwezi ndi mwezi. Pepala la kafukufuku saliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza nthawi yoyamba, yambani ndi abstract, dumphirani kumapeto muone zomwe anapeza, likakhala lokhudza funso lanu nde mubwerere pa methods muwerenge mofatsa kuti anafunsa anthu angati, kuti, anawasankha bwanji. Pepala lililonse mulilembere mzere umodzi mu Excel, wolemba, chaka, malo, njira, zomwe anapeza, ndi chomwe sanachikhudze. Mizere imeneyi ikafika 20 kapena 25 literature review yanu yayamba kuoneka yokha, chifukwa muyamba kuona kuti awa akugwirizana, awa akutsutsana, ndipo palibe anafunsapo za kwanu kuja.

Ikani Zotero pa laputopu tsiku loyamba, ndi yaulere, imasunga mapepala nkukulemberani ma reference mu APA kapena Harvard malinga ndi zomwe dipatimenti ikufuna. Mawu a munthu wina mukawatenga ndendende muwaike mu zizindikiro zogwira mawu ndi tsamba lake, mukawanena mmawu anu mutchulebe mwini wake. Masukulu ambiri pano amadutsitsa ntchito mu Turnitin kapena mapulogalamu ena otero, koma olo asadutsitse, kukopera ndi kuba ndipo kumakulandani chinthu chomwe munabwerera ku sukulu. ChatGPT ndi anzake atha kukuthandizani kumvetsa chinthu chovuta, koma amatha kupeka mayina a olemba ndi mapepala omwe kulibe, nde reference iliyonse yomwe simunaitsegule ndi maso anu isalowe mu ntchito yanu.

Tsopano semina. Kaya kwanu amaitcha honours seminar kwa omwe akuchita digiri ya honours, kaya ndi semina ya dipatimenti yomwe a chaka chomaliza amapulezenta mapropozo, mtima wake ndi umodzi, gulu ndi laling'ono, alekichara salankhula okha, ndipo zomwe mutulukemo nazo zimadalira zomwe mwalowa nazo. Mu semina ya honours nthawi zambiri mumapatsidwa pepala kapena awiri oti muwerenge sabata imeneyo nkudzakambirana, pena mamakisi ena amachokera pa kulankhula kwanu komweko. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana sayankha akulu akamalankhula, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma mu semina kukhala chete si ulemu, ndi kudzimana. Nde konzekani chonchi: werengani pepalalo kawiri, lembani mu ziganizo ziwiri zomwe wolembayo akunena, kenako lembani mafunso awiri enieni. Funso lenileni ndi monga ili, anafunsa alimi a mmakalabu okhaokha, kodi zomwe apezazi zingakhale zoona kwa mlimi yemwe sali mu kalabu? Kapena, akuti ana a amayi ophunzira sadwaladwala, koma kodi si chifukwa choti amayi ophunzirawo ambiri amakhala mtauni kufupi ndi chipatala ndi madzi a mpopi? Mukazolowera kufunsa mapepala a anthu ena chonchi mudzayamba kuona mabowo a ntchito yanu panel isanawaone. Yesetsani kulankhula mu mphindi zoyambirira olo kamodzi, mukadikira kwambiri mantha amakula ndipo mfundo yanu ina aitenga. Mnzanu akamapulezenta mufunseni za ntchito yake osati kumuchititsa manyazi, ndipo musagwirizane mkalasi zoti tisamafunsane mafunso kuti tonse tidutse, mgwirizano umenewo umakupwetekani nonse pa difensi pomwe ofunsa ndi anthu osakumverani chisoni.

Likafika tsiku lanu, nthawi zambiri amapereka mphindi 10 kapena 15, nde masilayidi asapitirire 10 kapena 12. Musathere theka la nthawi pa background kutiuza kuti Malawi ndi dziko lodalira ulimi, aliyense mchipindamo akudziwa, thamangirani pa vuto, funso, zolinga ndi njira chifukwa mafunso onse adzagwera pamenepo. Yesezani mokweza ku hostel kapena kunyumba ndi wotchi, pamaso pa anzanu awiri. Fayilo ikhale pa fulashi, pa imelo ndi pa foni, komanso pulintani kope imodzi kuti magetsi akathima kapena pulojekita ikakana mupitirizebe. Pemphani mnzanu mmodzi akhale ndi kope azilemba ndemanga zonse za panel, inu pamene mwaima kutsogolo mtima uli phaphapha simungakumbuke olo theka. Akakufunsani chomwe simukudziwa nenani kuti sindinaganizepo, ndikaona, osati kulimbana nawo kapena kupeka yankho.

Njira ya kafukufuku isankhidwe ndi funso. Ngati mukufuna kudziwa kuti ndi angati, zochuluka bwanji, kapena ngati ichi chikuyenda limodzi ndi icho, mukufunika manambala, kweshoneya kapena kuyeza, imeneyi ndiye quantitative. Ngati mukufuna kudziwa chifukwa chake, mmene anthu amaganizira, zomwe zimachitika mnyumba mayi asanaganize zopita ku sikelo, khalani nawo pansi mucheze mozama kapena muchite zokambirana za pagulu, anthu 6 mpaka 10, amayi paokha abambo paokha ngati nkhaniyo ili yoti ena angamangike, imeneyi ndiye qualitative. Ambiri amalemba mixed methods, kuphatikiza njira ziwirizi, chifukwa zimamveka zapamwamba, koma dziwani kuti ndi ntchito ziwiri, kusanthula kuwiri, ndipo kulemba zomwe munajambula pa foni kwa ola limodzi kumadya maola angapo musanayambe nkomwe kuzimasulira mu Chingerezi. Ngati ndalama ndi nthawi zili zochepa palinso njira yomwe anthu amaiderera, kugwiritsa ntchito deta yomwe ilipo kale, ya IHS ija imapezeka pa Microdata Library ya World Bank, mumangolembetsa nkunena chomwe mukufuna kuchita nayo.

Pa sampulo ndi pomwe panel imakonda kuima nthawi yaitali, mafunso ake awiri, anthu angati ndipo munawasankha bwanji. Pa chiwerengero ambiri amagwiritsa ntchito fomula ya Yamane ya 1967, n = N ÷ (1 + N × e²), pomwe N ndi anthu onse ndipo e ndi kaphonyedwe komwe mwalola. Tinene midzi yomwe mwasankha ili ndi mabanja 600. Mukalola e ya 0.05 mupeza mabanja 240, mukalola 0.10 mupeza 86. Ija ya 384 yomwe mumaiona mmadizeteshoni ambiri imachokera ku fomula ya Cochran pamene anthu ndi ochuluka kwambiri. Ngati thumba lanu likukwana 86 lembani 86 ndipo munene poyera kuti e yanu ndi 0.10, kusiyana nkulemba 384 mu propozo kenako nkukadzaza theka la mafomu pansi pa mtengo nokha. Koma kasankhidwe ndi kofunika kuposa chiwerengero. Ogula fodya ku Kanengo sakhutira ndi tsamba la pamwamba pa belo, amasolola la mkati chifukwa akudziwa kuti lapamwamba silinena zonse, nanunso mukangofunsa a mmbali mwa msewu, a pa sitolo, kapena omwe amfumu akuitanirani, mwamva za anthu ofikirika okha ndipo mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo simunamumve. Pezani mndandanda wa mabanja kwa alangizi a zaulimi, kwa azaumoyo a mmudzi kapena kwa amfumu, gawani 600 ndi 86 mupeza pafupifupi 7, chitani mayere pa manambala 1 mpaka 7, tinene yagwa 4, nde mutenga banja la nambala 4, 11, 18, 25 choncho mpaka mndandanda uthe. Mukapeza pakhomo palibe munthu bwereraninso kachiwiri musanalowetse wina, ndipo lembani kuti ndi angati anakana kapena sanapezeke. Kwa a qualitative fomula imeneyi sikukukhudzani, mumasankha dala anthu odziwa nkhaniyo ndipo mumasiya pamene mayankho ayamba kubwerezabwereza osatulukanso chatsopano.

Musanafunse munthu olo mmodzi, chilolezo. Kafukufuku mdziko muno amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology yomwe ili ku City Centre, pansi pa lamulo la sayansi ndi luso la 2003, ndipo pali makomiti owunika, NHSRC ya zaumoyo, NCRSH ya zachikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu, komiti ya ku KUHeS yomwe ambiri amaidziwa kuti COMREC, komanso mayunivesite ena ali ndi makomiti awoawo. Funsani asupavaiza kuti yanu ipita kuti ndipo tumizani msanga, makomitiwa sakumana tsiku lililonse ndipo amatha kubweza kuti mukonze. Mukapeza chilolezo tengani kalata ya ku dipatimenti mupite nayo kwa DC, ku ofesi ya zaumoyo ya boma ngati ndi za chipatala, kwa AEDC, mkulu wa alangizi a zaulimi, ngati ndi za ku EPA, kenako kwa a T/A, agulupu ndi anyakwawa. Musadumphe amfumu olo mukhale ochokera dera lomwelo. Tonse tikukumbuka za mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo pomwe anthu anaphedwa pongoganiziridwa, nde mlendo woyenda khomo ndi khomo ndi chikwama popanda wodziwika womuperekeza akudziika pa ngozi. Pakhomo fotokozani mu Chichewa kuti ndinu ndani, mukufuna chani, zitenga nthawi yaitali bwanji, kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira, ndipo asaine kapena adinde chala. Wosakwana zaka 18 pamafunika chilolezo cha kholo komanso iye mwini avomere. Ndipo nenani momveka kuti ndinu mwana wasukulu, simukulemba mayina a feteleza wotsika mtengo kapena a Mtukula Pakhomo, chifukwa anthu akangoganiza kuti mwabwera ndi thandizo aliyense adzati sanakolole kanthu ndipo alibe olo nkhuku. Kuwanamiza kuti mwina kubwera kenakake kuti akuyankheni ndi kulakwira anthu omwe akupatsani nthawi yawo ulere. Mayina awo asakhale pa fomu ya mayankho, ikani nambala, mndandanda wa mayina muusunge padera.

Kweshoneya ilembeni mu Chingerezi monga sukulu ifunira, koma imasulireni mu Chichewa musanapite, papepala, osati kumasulira pakamwa pakhomo lililonse chifukwa mukatero banja lililonse layankha funso losiyana. Kenako iyeseni pa anthu 10 kapena 15 ofanana ndi omwe mukawafunse koma a mudzi wina, apa ndi pomwe muone zenizeni. Mwalemba kuti mumapeza ndalama zingati pa mwezi, bambo akuyang'anani nkuti zimatengera, chifukwa ndalama yawo imabwera akagulitsa soya ndi mtedza, pena ya ganyu, pena ya kudimba, palibe ya pa mwezi. Nde funsani padera, munagulitsa chani chaka chino, matumba angati, pa mtengo wanji. Mwalemba zokolola mu makilogalamu, mayi akuti tinapeza ngolo ziwiri ndi theka, nde muyenera kudziwa ngati ndi chosatongola kapena chotongola, thumba ndi la makilogalamu 50 kapena lalikulu lija, ndowa ndi yaikulu bwanji, ndipo mugwirizane ndi alangizi kasinthidwe kake musanayambe. Munda anthu amanena mu maekala osati mahekitala, ndipo ekala ya pakamwa nthawi zambiri siifanana ndi yoyeza. Zaka zakubadwa agogo ena sakumbuka, pemphani chiphaso cha unzika muone. Chotsani mafunso okankhira munthu ku yankho, monga kodi mukuvomereza kuti manyowa ndi abwino, aliyense adzati eya pofuna kukusangalatsani. Chotsaninso ofunsa ziwiri pakamodzi, monga kodi anamwino ndi aulemu komanso achangu. Ndipo funso lililonse lomwe silikuyankha cholinga china pa tebulo lija lichoke, kweshoneya ya ola lathunthu munthu amayamba kungoyankha kuti muzipita.

Ikani mafunso pa KoboToolbox, ndi yaulere, imagwira pa foni ya Android popanda netiweki ndipo mumatumiza mukafika pomwe pali intaneti, mwapulumutsa ya fotokope ndi masiku olowetsa deta. Tengani power bank ndi mafomu ochepa a pepala. Nthawi ya dzinja anthu amalawirira kumunda nde pitani masana akaweruka, pewani tsiku la msika, ndipo mukapeza maliro mmudzi ntchito yaima, khalani nawo pang'ono kapena bwererani. Pa bajeti musaiwale ya kabaza kuchoka pa siteji, ya womuperekeza, ndi ya ulendo wobwereza. Madzulo aliwonse onani mafomu a tsikulo mukadali kufupi, bokosi lodumphidwa limakonzeka mawa lake, koma mukabwerera ku tauni lapita.

Deta ikabwera musathamangire ku regression. Sungani kope yoyambirira osaikhudza, pa Google Drive ndi pa imelo, laputopu zimabedwa ndipo fulashi zimafa, gwirani ntchito pa kope yachiwiri. Yeretsani kaye, muone ngati palibe wa zaka 230, banja la anthu 45, kapena bambo woyembekezera, zimenezi zimachitika ndi chala pa foni. Kenako yambani ndi zophweka, ma frequency, ma percentage, ma average, muidziwe deta yanu. Kaya ndi SPSS, Stata kapena R yomwe ndi yaulere, pulogalamu imangowerengera chomwe mwaiuza, siikuuzani ngati mwasankha test yolakwika. Magulu ndi magulu, monga mwamuna kapena mkazi ndi kubzala kapena kusabzala, ndi chi-square. Kufananitsa average ya magulu awiri, monga zokolola za a mu kalabu ndi omwe sali mu kalabu, ndi t-test. Ngati chomwe mukufuna kufotokoza ndi eya kapena ayi ndipo zifukwa zake ndi zingapo, ndi logistic regression. P-value yochepera 0.05 ikungotanthauza kuti zomwe mwaonazo zikanakhala zovuta kuti zichitike mwangozi pakanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni, sikunena kuti kusiyanako ndi kwakukulu, ndipo sikunena kuti ichi ndi chomwe chachititsa icho. Mukapeza kuti a mu kalabu amakolola zambiri, mwina ndi kalabuyo, mwinanso omwe amalowa mu kalabu ndi omwe anali kale ndi minda yaikulu, nenani zonse ziwiri. Ndipo ngati palibe chatuluka significant, kutanthauza p-value yochepera 0.05, chonde musasinthe manambala, kupeza kuti palibe kusiyana ndi zotsatira ndithu ndipo mutha kukhoza nazo bwino mukazifotokoza. Deta yophika ndi ntchito yolembetsa kwa munthu wa ndalama zimagwidwa ndi funso limodzi la pa difensi, koma choopsa kwambiri ndi choti wina adzaiwerenga mu layibulale nkuikhulupirira, nkumangapo yake.

Polemba musadikire kuti zonse zithe. Chaputala 1 mpaka 3 zichokera mu propozo, mungosintha kuti zinene zomwe munachitadi osati zomwe munkafuna kuchita, ngati munakonza 86 nkupeza 79 lembani 79 ndi chifukwa chake. Zotsatira ziyaleni motsatira zolinga, choyamba, chachiwiri, chachitatu, ndipo pansi pa tebulo lililonse munene chomwe owerenga aone osati kubwereza manambala onse. Discussion ndi pomwe pamaoneka ngati munthu waganiza, bwererani ku Excel ya mapepala ija munene kuti zanga zikugwirizana ndi awa, zikusiyana ndi awa, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake ndi ichi chomwe ndinachiona ku Mitundu. Malangizo anu achokere mu zomwe mwapeza ndipo apite kwa munthu woti angachitepo kanthu, alangizi, anamwino oyang'anira sikelo, komiti ya msika, osangoti boma lichitepo kanthu. Abstract ilembedwe pomaliza. Mukatha difensi jambulani tebulo la ndemanga iliyonse ya panel, chomwe mwakonza ndi tsamba lake, asupavaiza aone asaine musanapite kukabayinditsa, chifukwa kubayinditsa kawiri ndi ndalama. Ndipo lembani tsamba limodzi mu Chichewa la zomwe mwapeza, mukasiye ku ofesi ya EPA kapena ku chipatala kuja ndi kwa amfumu omwe anakulandirani, anthu anasiya khasu ndi mphika kuti akuyankheni nde akuyenera kumva chomwe chinatuluka.